Mkanda wofiira ukakhalitsa pakhoma

Mwana wa mlongo wanga atabwerako kuchipatala tinapha nkhuku ziwiri. Anali atakhalako miyezi inayi, ndipo tsiku limene anatsika panjinga yamoto pabwalo, amayi analuluta ngati kwafika mkwatibwi. Madokotala anali atamuchotsa chiberekero chifukwa cha khansa, ndipo anati matendawo awagwira asanafalikire. Tonse tinati wachira. Ine, poti ndine mwini mbumba komanso nkhoswe ya banja lake, ndinaimirira n'kuthokoza Mulungu, n'kuthokozanso mkamwini wathu amene anagulitsa mbuzi zake zonse ndi mabelo a fodya kuti ulendowo utheke. Nditatero ndinabwerera kwanga mtima uli m'malo.

Panapita chaka chathunthu ndisanadziwe kuti m'nyumba mwawo mukuyalidwa mphasa ziwiri. Si iye amene anandiuza, pakuti mwana wamkazi sauza amalume ake zotere. Ndinazimva kwa akazi anga, amene nawonso anazitola kuchigayo. Mwamuna uja sanamumenye, sanabwerere kwawo, sanapite kwa mkazi wina. Ankalima naye, ankamugulira sopo ndi chitenje. Koma kukada aliyense ankayang'ana khoma lake, ndipo amene ankathira mchere m'ndiwo za m'nyumbamo anali kamwana kawo ka zaka 7.

Dzina lake ndi mudzi wake sinditchula, ndipo nkhaniyi ndikulemba iye atalola. Chimene chandivuta kuyambira tsiku limenelo ndi funso ili: kodi munthu timati wachira liti? Ngati bala lapola, pepala la kuchipatala likunena zabwino, koma mwini wake akukhala ngati mlendo m'nyumba mwake, kodi ntchito yodwazika yatha? Ndipo ngati siinathe, yotsalayo ndi ya yani? Ine ndinkayesa kuti si yanga. Ndinalakwa, ndipo ndikufuna kulongosola pamene ndinalakwira, chifukwa ndikudziwa kuti kuno ku Chidzolomondo, ku Furancungo, ku Tsangano ngakhale kutsidya kwa malire, nyumba za mphasa ziwiri zilipo zambiri.

Khansa imene ikupha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse kuno ku Mozambique, chimodzimodzinso ku Malawi, ndi ya khomo la chiberekero. Boma lathu linayamba ntchito yoyeza matendawa mu 2009. Anamwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pamene payamba kuwonongeka pamayera. Akapeza msanga amawotcha pamalopo kapena kupaziziritsa ndi mpweya, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma matenda akakula ulendo umatalika. Munthu amachoka pachipatala chaching'ono cha kwawo n'kutumizidwa kuboma, kuchoka apo ku Tete, mwinanso kupitirira mpaka ku Beira kapena ku Maputo. Makina owotcha khansa, amene achipatala amati radioterapia, anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo mu 2019, ndipo kuchokera mumzinda wa Tete kukafika kumeneko pamsewu ndi makilomita oposa 1,500. Nchifukwa chake ambiri a ife timayang'ana kutsidya, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Lilongwe, kapena ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likuthandiza amayi odwala khansa imeneyi kuyambira 2018.

Ulendo wonsewu timaudziwa mtengo wake. Timadziwa ndalama ya galimoto, ya chakudya cha wodwazika, ya ganyu wolimira munda umene watsala. Pa zimenezi abale amasonkha, mpingo umasonkha, ndipo sindinganyoze. Chimene sitiwerengera ndi chimene matendawa amachita m'nyumba asanapite munthu kuchipatala, ndi chimene amasiya iye atabwerako.

Tiyambe ndi magazi. Tonse tikudziwa mwambo wa makolo athu: mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana kamwana kuti kathire, ndipo amagona payekha. Ena amakoloweka mkanda wofiira pamalo pamene mwamuna awone, kuti pasakhale kufunsana, ndipo masiku akatha amaika woyera. Wophwanya zimenezi timati adula anthu, awadwalitsa mdulo kapena tsempho, ndipo mwamuna wokhala malo amodzi ndi mkazi wotero timati atenga kanyera. Mwambowu unapangidwira magazi a masiku anayi kapena asanu, magazi amene amabwera n'kupita. Koma khansa ya khomo la chiberekero imataya magazi mosatsata mwezi. Amabwera pakati pa mwezi, amabwera mayi atangokhala ndi mwamuna wake, amabweranso kwa agogo amene anasiya kalekale kusamba. Mwana wa mlongo wanga anakhala miyezi yambiri mkanda wofiira uli pakhoma. Miyezi yonseyo sanathire mchere, sanagone pamphasa imodzi ndi mwamuna wake, ndipo chifukwa cha madzi onunkha amene ankatuluka anasiya kukhala pafupi ndi anzake kutchalitchi ndi pamaliro. Asanadziwe n'komwe dzina la matenda ake, anali atapatulidwa kale.

Atabwerako magazi anali atatha, koma funso linatsala lopanda woyankha. Mkazi amene alibe chiberekero, amene sadzasambanso, ali m'gulu liti? Ndi wotentha kapena wozizira? Athire mchere kapena ayi? Agogo athu sanasiye yankho, chifukwa m'masiku awo mkazi wotere sankabwerako wamoyo. Ndiye aliyense anasankha kukhala chete, ndipo iye mwini, poopa kudula ana ake, anapitiriza kuitana kamwana kaja.

Pali anzanga ophunzira amene akamva zotere amafulumira kunena kuti mwambo ndi umbuli, tiutaye. Ine sinditero. Ukaufunsa mwambo wa mdulo kuti ukuteteza yani, umakuyankha bwino lomwe: ukuteteza khanda, ukuteteza wodwala, ukuteteza namwali amene ali m'tsimba, ukuteteza aliyense amene ali wofooka panthawiyo. Unkaphunzitsa amuna kudziletsa chifukwa cha ena. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa khansa mwambowu tautembenuza, chifukwa wofooka amene amayenera kutetezedwa ndiye amene tikumuyesa choopsa. Khansa siyenda mu mchere. Siyenda m'mbale, m'chitenje kapena pamphasa, ndipo mwamuna satenga khansa pokhala ndi mkazi wake. Amene akupatula wodwala poganiza kuti akusunga mwambo wasunga khungwa, mtengo wake n'kuusiya.

Ndiye pali nkhani ya wobweretsa matenda, imene yapasula mabanja ambiri. Anthu akangomva kuti khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kopatsirana pogonana, mlandu umayamba. Achibale a mwamuna amati mkaziyu ankayendayenda. Achibale a mkazi amati mkamwini ndiye anakatenga kumsika wa fodya kapena kumigodi ya ku Moatize. Onsewa akuweruza mlandu wopanda mboni. Kachiromboka n'kofala kwambiri, moti pafupifupi munthu aliyense amene anakhalapo ndi mwamuna kapena mkazi amakumana nako nthawi ina pamoyo wake, ndipo mwamuna amakhala nako osamva kanthu. Mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ochepa kamakhalitsa, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene kuno timalitcha OMS, limati pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kasanduke khansa, kapena zaka 5 mpaka 10 mwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala. Mayi amene ali ndi HIV ali pangozi yodwala khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Taganizani tsono: mayi wa zaka 40 akapezeka ndi matendawa lero, mbewu yake mwina inagwa iye ali mtsikana, banja limene mukuliweruzali lisanayambe. Mkazi wa mwamuna mmodzi moyo wake wonse akhoza kudwala. Palibe mfumu, sing'anga kapena dokotala amene angaloze tsiku ndi munthu wake.

Tsopano ndinene zimene ife amuna achikulire sitikonda kutchula, ndipo owerenga andikhululukire. Ndinaziphunzira mochedwa, pofunsa anamwino, ndipo ndikanazidziwa kale chaka chija sichikanatayika.

Mayi amene wangowotchedwa kapena kuziziritsidwa pakhomo la chiberekero amatuluka madzi kwa masabata angapo, ndipo amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna kwa masabata anayi kuti bala lipole. Amene wachotsedwa chiberekero amadikira pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, kapena mpaka achipatala atamuona. Kumudzi kuno kumamveka zoti mkazi wotere watsala mphako, mwamuna akalowa agwera m'mimba, kapena asolola ulusi. Si zoona. Madokotala amasoka kumtunda kwa njira, ndipo pakapola pamakhala potseka ngati kumapeto kwa thumba. Njirayo ikhoza kufupikirako pang'ono, koma ilipo, ndipo kukoma kwa mkazi sikunali m'chiberekero. (Tiyeni tionenso dzina limene tinapatsa chiwalo chimenechi. Timati njira ya abambo, ngati kuti mwini thupi ndi wongosungira.) Chimene chimasinthadi ndi ichi: akachotsa mabasiketi a mazira, kapena makina owotcha akawawononga, mayi amasiya kusamba mwadzidzidzi ngakhale ali wamng'ono. Amamva kutentha thupi usiku, chilakolako chimachepa, mtima umakwiya kapena kugwa msanga, ndipo njira imauma. Makina owotcha amasiyanso zipsera zimene zimachepetsa njirayo, moti kukhala ndi mwamuna kumawawa, nthawi zina kumatulutsa timagazi. Izi zili ndi thandizo lake. Alipo mafuta opangidwira ntchito imeneyi, osungunuka m'madzi, amene sawononga kondomu monga amachitira mafuta ophikira kapena odzola. Zilipo tizipangizo tosalala timene mayi amagwiritsa ntchito yekha pang'onopang'ono kuti njira isatsekeke, ndipo zimenezi zimathandizanso kuti achipatala azitha kumuyeza m'tsogolo. Koposa zonse pamafunika mwamuna wodekha, wofunsa, wodziwa kuleka akauzidwa kuti zikuwawa.

Zonsezi mwana wa mlongo wanga anauzidwako zina, koma anauzidwa ali yekha, atangotsitsimuka, m'Chipwitikizi chimene amachimva theka. Mwamuna wake anali kumudzi, akupachika fodya m'chigafa. Palibe amene analankhula naye.

Ndiyenera kumunenera chilungamo mkamwini wathu, chifukwa poyamba ndinamukwiyira. Nditakhala naye pansi ndinapeza kuti sanali munthu wonyansidwa ndi mkazi wake. Anali wamantha. Asanapite kuchipatala, nthawi iliyonse akakhala naye mkaziyo ankataya magazi, ndipo mwamunayu anakhulupirira kuti iye ndiye akumuvulaza. Atabwerako anaona chipsera pamimba n'kulumbira mumtima kuti sadzamupwetekanso. Anzake kumowa anamuonjezera za kanyera ndi za mphako. Tsono iye anatalikira poganiza kuti akumuchitira chifundo, pamene mkaziyo ankawerenga kutalikirako ngati umboni woti salinso mkazi. Anthu awiri okondana anagona chaka chonse mofulatirana, aliyense akulira ndi bodza lake. Sindikunena kuti amuna onse ali chonchi. Alipo amene amanyamula khasu ndi wailesi n'kubwerera kwawo mkazi akadali m'chipatala. Aliponso amene sadikira n'komwe masabata aja, ndipo mkazi amalola ali ndi bala, akuluma chitenje, poopa kuti akakana banja litha. Kusiya munthu ndi kumukakamiza zimaoneka zosiyana, koma zonse ziwiri zimachokera pa kuyesa mkazi ngati munda umene ntchito yake ndi kukolola basi.

Pamene ndinaona kulakwa kwanga ndi apa. Mwambo wathu umadziwa bwino kuti mwamuna akhoza kudikira. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi amapatukana mphasa kwa miyezi. Pamaliro anthu amadziletsa. Mwana akalowa chinamwali makolo ake amadziletsa. Koma onani mmene makolo anakonzera: nthawi iliyonse yodziletsa ili ndi chitseko cholowera ndi chitseko chotulukira. Alipo munthu wamkulu amene amabwera n'kunena kuti nthawi yakwana, tengani mwana, lowani m'nyumba. Banja silisiyidwa kuti lilote lokha. Ndipo amene amabwerayo samangotsekula, amalangiza mmene zichitikire. Pa khansa chitseko cholowera chilipo, magazi amatseka, dokotala amatseka, mantha amatseka. Chotulukira palibe amene waikidwa kuti atsekule. Dokotala ali kutali, ndipo ntchito yake anamaliza. Anamkungwi amati za kuchipatala sitizidziwa. Ankhoswe timadikira kuti mbale zisweke kaye ndiye atiitane. Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mwambi umenewu sugwira pa munthu amene tinamuphunzitsa kuyambira ali namwali kuti zoterezi sayambitsa ndi mkazi.

Wina adzati za m'nyumba ndi za anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mawuwa ndi abwino poletsa miseche. Koma tisanamizane, ife sitinayambe taziyesa za anthu awiri okha. Tsiku la ukwati anamkungwi amalowa mpaka kuchipinda. Mwana akabadwa amalowanso. Ngati tinalowa pamene zinthu zinali bwino, tikudzipatula bwanji pamene zavuta? Manyazi amene amatigwira pa matenda okha ndikuwakayikira. Ndikuganiza kuti ambiri a ife timakhala chete chifukwa sitidziwa chonena, ndiye umbuli wathu timauveka dzina la ulemu.

Ku London kunali mayi wina, Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino kenaka n'kukhala dokotala, ndipo mu 1967 anatsegula nyumba yosamalira odwala matenda osachiritsika yotchedwa St Christopher's. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha. Uli m'maganizo, uli pakati pa iye ndi abale ake, ulinso mumzimu, ndipo ukachiza mbali imodzi n'kusiya zinazo munthuyo akumvabe kuwawa. Nzeru imeneyi inafalikira m'zipatala za dziko lonse. Koma ndikaiganizira ndimaona kuti agogo athu sakanaidabwa. Iwo akapita kukazonda wodwala sankafunsa za mutu wokha, ankafunsanso za ana, za munda ndi za mtendere wa m'nyumba. Chimene chikusowa kwathu kuno si nzeru imeneyi ayi, koma mlatho pakati pa amene akudziwa thupi ndi amene ali ndi chilolezo cholankhula za pamphasa.

Namwino wa pachipatala chaching'ono ali ndi mzere wa amayi oyembekezera, ana a malungo ndi olandira mankhwala a HIV. Nthawi zambiri ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wa wodwalayo, mwinanso wochokera kuchigawo china, wosadziwa mawu athu ozungulira. Mayi wa zaka 50 sangamufunse za mwamuna wake. Namkungwi ali nawo mawu, ali nacho chilolezo, ndipo amakhala m'mudzi momwemo. Nchifukwa chake ndikuti mayi akamapita kukaonedwanso, apite ndi namkungwi kapena azakhali amene iye mwini wasankha, osati womusankhira, ndipo munthu ameneyo afunse mafunso amene wodwala sangafunse: adikire mpaka liti, akayamba ayambe bwanji, zikawawa achite chiyani, magazi otani ndiwo ofunika kubwerera nawo kuchipatala. Mwamuna nayenso alowe, amve ndi makutu ake, ndipo ngati akuchita manyazi alowe ndi nkhoswe yake. Koma anamkungwi nawonso avomere kuphunzira. Kuno ku Tete amayi ambiri analangizidwa kuika mankhwala oumitsa ndi kuchepetsa njira kuti asangalatse amuna. Kwa mayi amene wachokera ku opaleshoni kapena ku makina owotcha, malangizo amenewo ndi mpeni pabala. Iye akufunika chofewetsa, osati choumitsa. Namkungwi amene sangasinthe phunziro limeneli kuli bwino asapite.

Latsala funso lolemera, limene sindingalizembe. Bwanji ngati sizibwereranso? Alipo amene matenda kapena mankhwala anawawononga kwambiri moti kukhala malo amodzi monga kale sikungatheke. Kodi mwamuna wa zaka 35 amangidwe moyo wake wonse? Ambiri amafunsa funsoli ngati kuti yankho lake n'lodziwikiratu. Ine ndimalitembenuza. Amuna nafenso timadwala khansa ya prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo opaleshoni kapena mankhwala ake kawirikawiri amagwetsa mphamvu za m'nyumba, ena mkodzo umangodontha. Bambo wotere akagona, mudzi wonse umayembekezera kuti mkazi wake amuchapire, amuphikire phala, akhale naye mpaka imfa, ndipo akangoyang'ana kumbali timamutcha mayina. Palibe amene amafunsa ngati mkaziyo amangidwe moyo wake wonse. Timangoti banja n'kupirira. Ngati mawu amenewa ndi oona, akhale oona kwa onse awiri. Ngati ndi katundu wosanyamulika, tileke kusenzetsa akazi okha.

Za kutenga mkazi wachiwiri mipingo yathu imaphunzitsa zosiyana, lamulo la boma la mabanja limazindikira ukwati wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo m'midzi mwathu mitala ilipo. Sindingathetse nkhani imeneyo m'kabuku kano. Chimene ndinganene monga nkhoswe n'chakuti mwamuna amene akukonza za mkazi wina pamene mnzake ali pabedi la chipatala wachita chinthu chimene ngakhale mwambo wa mitala suvomereza. Ndiponso tisafulumire kunena kuti zatha. Ukwati uli ndi zambiri pakati pa kugonana ndi kufulatirana. Kugona pamphasa imodzi, kufunda bulangete limodzi, kusisitana msana, kusambitsana, kucheza mumdima ana atagona, zonsezi ndi za m'nyumba, ndipo palibe opaleshoni imene imazichotsa. Mayi amene anachotsedwa bere amafuna kudziwa ngati mwamuna wake angayang'ane chipseracho osatembenuza nkhope. Bambo amene mphamvu zinagwa amafuna kudziwa ngati akadali bambo wa m'nyumbamo. Mafunso amenewa sayankhidwa ndi mapiritsi, ndipo amene angawayankhe ndi munthu mmodzi yekha.

Nanga amene sadzachira? Ambiri kwathu kuno amafika kuchipatala matenda atapita patali, n'kubwezedwa kuti akasamalidwe kunyumba. Apa ndi pamene timachimwa kwambiri, chifukwa fungo likakula timamusamutsira m'kanyumba ka kuseri, chakudya n'kumamuikira pakhomo. Fungolo limachepa. Achipatala amagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa metronidazole pochepetsa fungo la mabala a khansa, ndipo morphine amaletsa ululu waukulu akaperekedwa m'muyeso wake. Ndi bwino kukafunsa, ndi kufunsanso kachiwiri. Kutsidya ku Salima kuli malo otchedwa Ndi Moyo amene ntchito yawo ndi yosamalira odwala otere, ndipo zimene amachita kumeneko zimasonyeza kuti munthu akhoza kutsirizika ali woyera, wosamva ululu woopsa, ali pakati pa abale ake. Munthu amene watsala ndi miyezi iwiri akadali mkazi wa mwamuna wake. Dzanja la mwamunayo likamugwira pamphumi, limamuuza zimene m'busa ndi namwino sangamuuze.

Za atsikana athu ndingonena mwachidule. Katemera woteteza ku HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 ku Malawi mu 2019, ndipo kuno ku Mozambique mu 2021. OMS inaika cholinga mu 2020 choti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemerayu asanapitirire zaka 15. Amene akuti katemerayu amatseka mimba sanaonepo chiberekero chikuchotsedwa mwa mayi wa zaka 30. Kamwana kothira mchere kaja chaka chake chikakwana ndidzakaperekeza ndekha.

Kwa mwana wa mlongo wanga tinachita chonchi. Akazi anga anapita kwa iye limodzi ndi namkungwi amene anamulangiza ali namwali, ndipo anakhala naye m'nyumba kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa. Zimene anakambirana sindizidziwa, ndipo si zanga. Ine ndinatuma mawu kwa nkhoswe ya kuchimuna, tonse awiri n'kumutenga mkamwini wathu kupita naye kwa namwino wamwamuna, tsiku limene kunalibe mzere wautali. Panjira sanalankhule. Titalowa anakhala nthawi akupotokola chipewa, kenaka anafunsa mafunso awiri okha, ngati ulusi uja ungasololoke, ndiponso ngati iye angafe. Namwinoyo anatenga pepala n'kumujambulira mmene thupi la mkazi wake lilili tsopano. Mwamuna wa ana anayi anaona chithunzi chotere koyamba tsiku limenelo, ndipo ine wa imvi zanga ndinasuzumira nawo.

Nkhani ya mchere anaithetsa ndi namkungwi uja. Anati mkazi amene sasambanso ali ngati agogo, ndipo agogo amathira mchere tsiku lililonse popanda wodwala. Anamuimika pamoto, n'kumupatsa mchere m'dzanja, ndipo ndiwozo anayamba kudya ndi namkungwiyo pamaso pa ana. Mkanda wofiira anauchotsa yekha pakhoma n'kupita nawo.

Ululu sunathe tsiku limodzi. Akazi anga amati pali masiku abwino ndi masiku ovuta, ndipo mafuta aja akatha kuwapeza kwake n'kovuta, mpaka kutuma munthu wopita ku Tete kapena kutsidya. Mwezi wathawu ndinadutsa pakhomo pawo pochokera kumaliro. Ndinapeza mwamuna akukonza njinga pansi pa mango, mkazi akupeta, ndipo pabwalo panali mphasa yakale atayanikapo ufa. Ndinalonjera, ndinamwa madzi, sindinafunse kuti mphasayo yachokera m'chipinda chiti.